David Clement Scott ndi Nkhokwe ya Mau a Chimang'anja

Kumwera kwa boma la Karonga, kufupi ndi Chilumba, kuli mudzi wa Uraha, ndipo ena mwa ife tidzatumizidwa kukaphunzitsa m'sukulu za dera limenelo. Kumeneko, m'chaka cha 1991, gulu la akatswiri ofukula zakale, lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku America, lidapeza nsagwada yam'munsi ya munthu wamakedzana amene adakhalako zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo. Fupalo lidapatsidwa nambala yakuti UR 501, ndipo mbiri yake idamveka m'maiko ambiri. Tsono tiyerekeze kuti mwana wa Sitandade 6 wa komweko waimika dzanja nafunsa kuti fupalo lidapezeka pati penipeni, amene adalitola ndani, ndiponso kuti makolo ankaŵatcha chiyani malowo akatswiri asanafike. Mphunzitsi adzalitenga kuti yankho? Zina mwa nzeruzo zili m'mabuku a Chingerezi ndi a Chijeremani amene safika pa sukulu za kumudzi. Zina zili m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene idatsekulidwa mu 2004. Koma zina zili m'mitu ya anthu a m'midzi yomweyo, amene adakumba ndi kusefa mchenga pamodzi ndi alendowo, ndipo mwina palibe amene adaŵafunsapo kuti azilembe.

Vuto limeneli, la nzeru zomwazikana m'malo ambiri ndi m'mitu yambiri popanda nkhokwe yoti aliyense atapemo ndi kuthiramo, ndi lakale. Masiku ano anthu akuyesa kulithetsa ndi makompyuta ndi intaneti, ndipo tidzanenapo za zimenezo kutsogoloku. Koma m'dziko lathu lino adalipo munthu amene adalimbana nalo zaka zoposa 130 zapitazo, alibe chida china koma khutu, cholembera ndi mapepala. Sadagwire ntchito yake ku Karonga. Adali kutali kumwera, ku mapiri a Blantyre. Dzina lake ndi Mbusa David Clement Scott. Ambiri amamkumbukira chifukwa cha tchalitchi chanjerwa chimene adamanga, koma ife aphunzitsi tiyenera kumdziŵa makamaka chifukwa cha buku limene adalemba.

Scott adabadwira mumzinda wa Edinburgh ku Scotland m'chaka cha 1853, ndipo adaphunzira pa yunivesite ya mumzinda womwewo asanaloŵe ubusa mu mpingo wa Church of Scotland. Mpingo umenewu ndiwo udakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, pa malo amene Henry Henderson adasankha m'dziko la Mfumu Kapeni, naŵatcha dzina la mudzi umene David Livingstone adabadwira. Zaka zoyamba za mishoniyo sizokondweretsa kuzikumbukira. Azungu oyambawo adadziyesa boma. Ankaŵeruza milandu okha ndi kukwapula anthu oganiziridwa kuba, kotero kuti mmodzi adafa nazo zikotizo, ndipo wina adaomberedwa ndi mfuti ataŵeruzidwa kuti adapha munthu. Mlendo wina wa ku Australia, Andrew Chirnside, adaulula zimenezi m'kabuku kamene kadatuluka ku London mu 1880. Mpingo udachita manyazi, udatumiza anthu odzafufuza, ndipo mu 1881 mtsogoleri wa mishoni, Duff Macdonald, adachotsedwa pamodzi ndi anzake aŵiri. Scott, ali ndi zaka 28 zokha, ndiye adatumidwa kudzakonza zoonongekazo.

Akuluakulu a mpingo adamlangiza kuti mishoni ileke kudziyesa boma. Kunena kudali kwapafupi, koma milandu siidaleke kubwera: akapolo othaŵa ambuye awo, katundu wobedwa panjira, mikangano ya anthu a pamishoni ndi a m'midzi yoyandikana nayo. Scott adaona kuti eni dziko adali nayo kale njira yothetsera zoterezi, ndiyo bwalo la mlandu, pamene mbali zonse zimalankhula mpaka mau atatha, akuluakulu ali tcheru. M'malo moŵeruza yekha, iye adayamba kupita nazo nkhani kwa mafumu ndi kukhala nawo pabwalo monga mwini mudzi pakati pa eni midzi anzake. Tsono munthu wodziŵa mau ogulira nkhuku ndi otumira wantchito okha sangatsate mlandu. Pabwalo anthu amalankhula mokuluŵika, amaponya mwambi, amatchula mwambo umene onse akuudziŵa osaufotokoza. Mlendo amene wamva theka la mau amabwerera kwao atasenza chigamulo cholakwika. Ife tikuganiza kuti buku la Scott lidabadwira pamenepa, pamene adazindikira kuti tanthauzo la liu silikhala m'liu lokhalo, koma m'moyo wa anthu amene amalilankhula.

Padalinso funso la chinenero choti agwiritse ntchito. Mafumu ambiri ozungulira Blantyre adali Ayao, ndipo Macdonald adayamba ndi Chiyao. M'chigwa cha Shire munkalamulira Amakololo, anthu amene adabwera ndi Livingstone nakhala mafumu pakati pa Amang'anja, ndipo ena mwa ana awo ankaphunzira pa sukulu ya mishoni. Scott adasankha Chimang'anja, poona kuti chinkamveka kutali, kuyambira ku Zambezi mpaka kunyanja, ndipo Chiyao adachisiya m'manja mwa mnzake Alexander Hetherwick, amene adafika mu 1883 natsekula mishoni ya Domasi chaka chotsatira. Kusankha kumeneku kudakhala phazi limodzi pa ulendo wautali umene udapereka Baibulo lathunthu la Chinyanja mu 1922, ndipo pambuyo pake, mu 1968, chinenerochi chidakhala cha fuko lonse pa dzina la Chicheŵa. Mphunzitsi wa ku Uraha, amene ana ake amalankhula Chitumbuka kapena Chinkhonde kunyumba, amadziŵa bwino kuti ulendo umenewu udasiya zinenero zina m'mbuyo, ndiponso kuti si onse amene adaukondwerera. Zimenezi tisazibise pophunzitsa mbiri ya Scott.

Iye sadali woyamba kulemba mau a chinenero chathu. Johannes Rebmann, mmishonale wa ku Germany amene ankakhala pafupi ndi Mombasa, adasonkhanitsa mau ambiri m'zaka za 1853 ndi 1854 kuchokera pakamwa pa munthu mmodzi, Salimini, yemwe adagwidwa ukapolo m'chigawo chapakati cha dziko lino. Buku lawo lidasindikizidwa mu 1877, Rebmann atamwalira kale, ndipo mwini wakeyo sadapondepo m'dziko la chinenero chimene ankalemba. Mu 1880 Alexander Riddel wa mishoni ya Livingstonia adatulutsa kabuku ka malamulo a Chinyanja kokhala ndi mndandanda wa mau. Ntchito zimenezi ndi zoyamikika, koma yoyambayo idatsamira pa chikumbumtima cha munthu mmodzi wokhala kutali ndi kwao, ndipo yachiŵiriyo idali yaing'ono.

Buku la Scott lidatuluka ku Edinburgh mu 1892, patapita zaka khumi ndi chimodzi chifikireni iye ku Blantyre. Dzina lake ndi A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language, ndipo lili ndi masamba oposa 700. Liu lakuti Cyclopaedic ndilo lofunika kulimvetsa. Buku wamba lotanthauzira mau limangotiuza kuti liu lakuti m'chinenero china amati chakuti. Koma pali mtundu wina wa mabuku, wotchedwa insaikulopediya, umene umafotokoza chinthu chenichenicho: maonekedwe ake, ntchito yake, chiyambi chake ndi zimene anthu amakhulupirira za icho. Scott adaphatikiza mitundu iŵiriyi. Pansi pa liu adaika tanthauzo, kenaka ziganizo zoonetsa mmene anthu amalilankhulira, ndipo pamene liulo lidakhudza mwambo, maseŵera, chida, chakudya, chipembedzo kapena milandu, adaima nafotokoza zonsezo mofatsa. Motero woŵerenga amene wabwera kudzafuna liu limodzi amapezeka kuti waphunzira za moyo wa m'mudzi wa Amang'anja wa zaka zimenezo.

Kuti njirayi imveke bwino, titenge chitsanzo chathuchathu, liu lakuti nkhokwe. Buku wamba linganene kuti ndi mosungira chimanga, basi. Wolemba wotsata njira ya Scott sangakhutire nazo. Iye adzafunsa kuti nkhokwe amaluka ndi chiyani, nsungwi kapena bango. Chifukwa chiyani amaikweza pa miyala kapena pa mafoloko a mitengo. Denga lake amalivundukula liti. Ndani pabanja ali ndi ufulu wotapamo, ndipo mwamuna akatapa mkazi wake osadziŵa, anthu amati chiyani. Adzafunsanso za anankafumbwe ndi makoswe, ndi za mmene makolo ankalimbanira nawo. Pomaliza adzalemba chiganizo chimodzi kapena ziŵiri monga momwe mai wina wazinenera, osazikonza kuti zifanane ndi Chingerezi. Tsamba loterolo ndi phunziro la chinenero, la ulimi ndi la chikhalidwe pa nthaŵi imodzi, ndipo mphunzitsi aliyense wa pulaimale, amene amaphunzitsa maphunziro onseŵa tsiku limodzi, ayenera kuona phindu lake.

Chinanso chimene Scott adachisamala ndi mau a mvekero, monga mbee, psuu, zii ndi phwii. Azungu ambiri a nthaŵi imeneyo ankaŵayesa phokoso lachibwana, losayenera kuloŵa m'buku. Iye adaŵalemba ambirimbiri naŵatanthauzira, popeza adamva kuti mphamvu ya chinenerochi yagona kwambiri pamenepo. Maganizo ake onse adali akuti Chimang'anja ndi chinenero cha anthu oganiza mozama, chokwana kunyamula nkhani zapatali za Mulungu ndi za munthu, ndipo amene akuchiyesa choperewera ndiye woperewera pa kumva. Kunena zotere m'zaka zimene Ulaya unali kugaŵana Africa ngati nyama ya m'nkhalango kudafuna mtima wolimba.

Nanga zonsezi adazitenga kuti? Ziganizo za m'bukumo munthu sangazipeke atakhala pa desiki. Adazimva. Pamishoni pankadza ana a sukulu ochokera m'midzi yosiyanasiyana, amtengatenga oyenda pakati pa Shire ndi mapiri, oumba njerwa, amai ogulitsa ufa, mafumu ndi nduna zawo. Sitikayika kuti aliyense mwa ameneŵa adathirako kanthu m'nkhokweyo, wina liu, wina mwambi, wina kukonza pamene mzunguyo adamva molakwa. Bukulo ndi ntchito ya pakamwa pambiri. Komabe pachikuto pali dzina limodzi, ndipo ziganizozo sizitiuza kuti adazinena ndani, wa mudzi uti, pa tsiku liti. Adali machitidwe a nthaŵi imeneyo, ndipo sitimuimba mlandu Scott yekha. Koma kwa ife amene tikufuna kudziŵa ngati liu lakuti lidali la kuchigwa kapena la kumapiri, la nkhalamba kapena la achinyamata, kusoŵa kwa mainaŵa ndi kutaya kwakukulu.

Zodabwitsa ndi zakuti m'zaka zomwezo zimene ankamaliza bukuli ankamanganso tchalitchi cha St Michael and All Angels, kuyambira mu 1888 mpaka pamene chidapatulidwa pa 10 May 1891. Scott sadaphunzirepo zomangamanga, ndipo amisiri ake adali anthu a m'midzi yomweyo amene adali asanamangepo nyumba yotere. Njerwa adaumba ndi kuotcha pomwepo, ndipo akuti zidali za mitundu 81, uliwonse ndi chikombole chake. Ankayesa kaye kuyala njerwazo popanda matope kuti aone mmene zikhalire, kenaka n'kumanga. Chikhalirecho tchalitchicho mpaka lero.

Pa nkhani yathu ya kugaŵana nzeru, chofunika kuposa njerwa ndi anthu amene adaŵakhulupirira. Scott sadafune kuti zonse zizichokera pa nyumba ya mzungu ku Blantyre. Pofika mu 1894 adali atapatula madikoni achikuda asanu ndi aŵiri, naŵapatsa udindo weniweni wophunzitsa, wolalika ndi woŵeruza nkhani za mumpingo. Harry Kambwiri Matecheta adatumidwa kwa Angoni ku Nthumbi, m'boma la Ntcheu, mu 1893. John Gray Kufa adaphunzira zachipatala natumidwa kwa Alomwe ku Mozambique. Mungo Murray Chisuse adaphunzira kusindikiza mabuku, adapita kukaonjezera luso lake ku Edinburgh mu 1897, ndipo adayendetsa makina osindikizira a mishoni zaka zambiri. Adalinso mmodzi mwa anthu oyamba a dziko lino kujambula zithunzi ndi kamera. Makina omwewo ndiwo ankatulutsa nyuzipepala ya mishoni, Life and Work, imene idayamba mu 1888. Tikaika pamodzi madikoni, masukulu akutali ndi makina osindikizira, tikuona chimene Scott ankafuna: malo ambiri, aliwonse okhala ndi munthu wake wodziŵa, akutumizirana nzeru. Mutu umodzi susenza denga, ndipo iye amene adamangapo denga lalikulu ankadziŵa zimenezi.

Koma nyengo idasintha. Mu 1891 dziko lino lidaloŵa m'manja mwa Britain, Harry Johnston nakhala mkulu wa boma woyamba. Scott adakondwera kuti dzikolo silidagwe m'manja mwa Apwitikizi, komabe sadatseke pakamwa. M'nyuzipepala ija adatsutsa zoti kampani ya Cecil Rhodes ilamulire dzikoli, adatsutsa nkhondo zimene boma linkathira mafumu, msonkho wolemera ndi kulanda malo. Azungu a minda ya khofi adamuda. Mkati mwa mishoni momwe mudauka ena omneneza kuti akupatsa anthu akuda ulamuliro wosaŵayenera, kuti mapemphero ake, okhala ndi oimba ovala mikanjo yoyera, akufanana ndi a mpingo wa Anglican, ndiponso kuti sakusamala ndalama.

Pamwamba pa zimenezi padabwera maliro. Mu 1891 mlamu wake, Dokotala John Bowie, adamwalira ndi nthenda yapakhosi ya diphtheria imene adaitenga poyesa kupulumutsa mwana wa mlongo wake. Mwanayo ndi mai wake adamwaliranso, ndipo Henry Henderson, bambo wa mwanayo, adatsikira kuli chete ku Quelimane ali pa ulendo wobwerera kwao. Mu 1895 Scott adataya mkazi wake, Isabella, ndi mng'ono wake, Dokotala William Affleck Scott. Mu 1897 mpingo udatumiza anthu odzafufuza zomnenezazo. Sadampeze ndi mlandu waukulu, koma thupi ndi mtima zidali zitatopa, ndipo mu 1898 adachoka ku Blantyre osabwereranso. Amene adatsala adayenda pang'onopang'ono pa nkhani yopereka udindo kwa eni dziko. Matecheta ndi Stephen Kundecha adadikira mpaka 1911 kuti adzozedwe ubusa, ndipo Kufa adaphedwa ndi boma la atsamunda mu 1915 chifukwa chogwirizana ndi John Chilembwe.

Mu 1901 Scott adatumidwa kukatsogolera mishoni ya Kikuyu ku Kenya. Zaka zake za kumeneko sizidaŵale ngati za ku Blantyre. Adapezera mishoni malo aakulu kwambiri olimapo, poganiza kuti zokolola zidzayendetsa ntchito popanda kupempha ku Scotland, koma ulimiwo udaloŵetsa mishoni m'ngongole, ndipo malowo adali a mabanja a Akikuyu amene sadaiŵale. Munthu amene adadzudzula kulanda malo kuno adagwa m'mbuna yofananayo kwina. Adamwalira komweko mu 1907, ali ndi zaka 54.

Buku lija lidatsala, koma taonani mmene lidayendera. Matanthauzo ake adali m'Chingerezi, choncho lidathandiza kwambiri mlendo wophunzira Chimang'anja kusiyana ndi Mmang'anja mwini. Lidasindikizidwa kutsidya kwa nyanja, ndipo munthu wa kwa Kapeni amene akadapeza cholakwa adalibe njira yochikonzera. Padapita zaka 37 lisanakonzedwenso, mpaka mu 1929 pamene Hetherwick adalitulutsa ataliwonjezera mau, pa dzina latsopano lakuti Dictionary of the Nyanja Language. Wolitsekula lero ayenera kuzoloŵera kalembedwe kakale, kamene kaŵirikaŵiri kamasiya chilembo cha h, kotero kuti munthu amalembedwa muntu. Buku lalikulu lotanthauzira mau a chinenerochi m'chinenero chomwecho, Mtanthauziramawu wa Chinyanja, lidatuluka mu 2000, patapita zaka 108 chitulukireni la Scott. Nkhokwe idamangidwa bwino, koma chitseko chake chidali chimodzi, ndipo kiyi wake adali m'manja mwa anthu oŵerengeka.

Apa ndi pamene za intaneti zikuloŵera. Wikipedia, imene idayamba mu 2001, ndi insaikulopediya yoti aliyense angathe kuiŵerenga mwaulere, kulembamo ndi kukonza zimene wina walakwitsa, ndipo cholakwa chimene chikadadikira zaka 37 chingakonzedwe tsiku lomwelo. Ilipo ya Chicheŵa, iliponso ya Chitumbuka, ngakhale kuti ya Chicheŵa ili ndi nkhani zochepa kwambiri poyerekeza ndi mamiliyoni a nkhani za m'Chingerezi. Koma nayonso ili ndi malire aŵiri amene mphunzitsi ayenera kuŵadziŵa. Oyamba ndi akuti, ngakhale olemba ali ponseponse, imasungidwa ndi bungwe limodzi la ku America, ndipo chifukwa cha ichi ena akufuna njira yoti nkhokwe zikhale zambiri, iliyonse ndi eni ake, koma zolumikizana. Achiŵiri ndi akuti malamulo ake amafuna kuti zolembedwamo zikhale zoti zidasindikizidwa kale kwina. Zimene gogo wa ku Uraha akudziŵa za dzina la khwaŵa lakuti, kapena za mmene ankasungira chinangwa m'chaka cha njala, sizingaloŵemo mpaka wina atayamba wazilemba. Ntchito ya khutu ndi cholembera, imene Scott adagwira, makina sadailande.

Tibwerere tsono m'kalasi muja. Mphunzitsi sayenera kudikira kompyuta. Chofunika ndi kope limodzi la chikuto cholimba pa kalasi iliyonse yapamwamba. Sabata iliyonse ana aŵiri kapena atatu abwere ndi liu limodzi kuchokera kunyumba, la usodzi, la ulimi wa mpunga, la mitengo, la maina a mapiri ndi makwaŵa, m'chinenero chimene alimvera, kaya Chitumbuka, Chinkhonde kapena Chicheŵa. Liu lililonse likhale ndi tsamba lakelake. Pamwamba palembedwe liulo, kenaka chiganizo monga momwe mkuluyo adachinenera, kenaka kufotokoza kwa mwanayo, kumene kalasi yonse ithandize kukuongola. Pamenepo phunziro la kalembedwe lachitika kale, ndipo ana alemba chinthu chimene mphunzitsi wao samachidziŵa, zimene sizichitika kaŵirikaŵiri m'sukulu zathu. Pansi pa tsambalo palembedwe chimene Scott adasiya: dzina la wonena, ngati iye walola, mudzi wake ndi tsiku. Theka la tsamba lisiyidwe loyera.

Theka loyeralo ndi la sukulu zina. Pakutha pa teremu ana akope masamba awo, ndipo makope okopawo asinthanitsidwe ndi sukulu yoyandikana nayo pamene aphunzitsi a m'dera limodzi akumana. A sukulu inayo aŵerenge, alembe m'malo oyerawo mmene iwo amanenera kwao, nabweze. Pasakhale sukulu yosunga buku lalikulu la onse, ndipo pasakhale wofufuta za mnzake. Chifukwa chake si ulemu wokha ai. Boma la Karonga limadziŵa madzi osefukira, lidaonanso zivomezi za mu December 2009 zimene zidagwetsa nyumba zambiri, ndipo chiswe chili m'kabati iliyonse. Kope limodzi likaonongeka, linzake la kutsidya kwa mtsinje lidzakhalapo.

Pali zinthu ziŵiri zoti tichenjere nazo. Si nzeru zonse zimene eni ake amafuna kuti zilembedwe. Za kuchinamwali ndi zina za mankhwala zili ndi malo ake, ndipo mphunzitsi amene atuma ana kukafunsa zoterezi adzayambana ndi mudzi. Ndi bwino kuyamba wakaonana ndi mfumu ndi komiti ya sukulu. Chachiŵiri chikukhudza mafupa. Ana a ku Uraha akamva za UR 501 adzafuna kukatola ao, makamaka mvula ikakokolola nthaka. Tiŵaphunzitse kuti akaona fupa lolemera ngati mwala asalichotse, popeza akatswiri amadziŵa zaka zake poona mtundu wa dothi limene lagonamo ndi mafupa a nyama opezeka pafupi nalo, ndipo fupa lochotsedwa pamalo pake lataya theka la nkhani yake. Zinthu zoterezi zimatetezedwanso ndi lamulo la dziko. Ana alembe m'kope malo ndi tsiku, ajambule chimene aona, ndipo mphunzitsi wamkulu adziŵitse a kunyumba yosungiramo zakale ku Karonga.

Tsiku lina ana aŵiri adzabwera ndi mafotokozedwe osiyana a dzina la khwaŵa limodzi, wina kuchokera kwa agogo ake aakazi, wina kwa agogo ake aamuna, ndipo kalasi idzatembenukira kwa mphunzitsi kuti agamule. Asafulumire. Alembetse zonse ziŵiri pa tsamba lomwelo, chilichonse ndi dzina la mwini wake, kenaka atume anawo kuti akafunsenso agogowo kuti iwo adazimva kwa yani.